Handulo ya Che Wadson

M'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, agogo anga a Wadson Kachingwe ankapita kuchisakasa cha kuseri kwa nyumba. Ankachotsa handulo pamsomali, kuilowetsa pakabowo ka kumaso kwa Landirova, n'kupukusa kakhumi ndi kawiri. Sikuti ankafuna kuiliza, iyayi. Petulo munalibe ngakhale dontho, batire inatha kalekale, matayala anasanduka nkhwaira ndi malegeni, galimoto inangokhala pazitsa zinayi. Ankangopukusa basi, atapendeketsa mutu, kumvera injini ikupuma m'kati: fuu, fuu, fuu. Akatha ankapukuta handuloyo ndi kansanza, kuikoleka pamalo pake, ndiyeno n'kuyamba kuyankha moni wa anthu.

Mwezi ukaoneka ankamasula mapulagi n'kudontheza oyilo wopempha kuchigayo, sipuni imodzi pabowo lililonse.

"Mkazi wanga," ankanditcha choncho, paja agogo ndi mdzukulu salekana nthabwala, "chitsulo chili ngati bondo la nkhalamba. Ukaleka kulipinda, lagwira."

Ine ndine Nafisa, mwana wa mwana wawo wachiwiri. Sukulu ndinalekeza Sitandade 7, ndipo kulankhula pagulu sindimatha, pakamwa pamauma. Koma izi ndinaziona ndi maso, ndiye ndati ndilembe.

Agogo kwawo ndi kwa Nsamala, ku Balaka. Kuno kwa Chikweo anabwera ndi ukwati. Ali mnyamata ankayendetsa Landirova yomweyi ku mishoni, kunyamula odwala ndi ansembe m'misewu imene lole inkakana. Tsiku lina madzi anawira m'galimoto pafupi ndi chitsime chathu, iwo n'kupempha ndowa kwa mtsikana amene anamupeza akutunga. Mtsikanayo anali Abiti Uladi, agogo anga aakazi. Mpaka lero amati, "Ine ndinamwetsa galimoto yokha, sindinadziwe kuti dalaivala naye atsalira." Aamuna ndi Akatolika, aakazi ndi Asilamu. Wina Lamulungu, wina Lachisanu, denga limodzi zaka zonsezi. Anthu kuno amawatcha Che Wadson.

Atapuma ntchito mu 1994 ansembe anawasiyira galimotoyo pamodzi ndi bulubuku yake, lija pepala la umwini. Inanyamula nsomba za ku Chiuta kupita nazo ku Nselema, inanyamula thonje, akwati, amayi oyembekezera. Pa njala ya 2002 inanyamula maliro ambiri kuposa nsomba. Inaima ine ndili Sitandade 3, chaka chimene mafuta anasowa, ndipo kuchokera pamenepo inayamba kumwazika m'mudzi pang'onopang'ono. Agogo sadziwa kumana. Chitseko chakumbuyo chinakatseka khola la mbuzi. Mipando inatuluka n'kukhala pakhonde. Kalilole wam'mbali atsikana tinkadziyang'anirapo. Chitsulo chamawayawaya cha kumaso anatenga alamu awo n'kumawambirapo nsomba. Limu ya tayala lapadera, lija linkakhala paboneti, agogo anakaipachika okha pamtengo wa mango kusukulu kuti ikhale belu. Handulo yokha ndiyo sinkabwerekedwa, ngakhale kuphwanyira mtedza.

Mu 2023 namondwe anakokolola minda. Chaka chotsatira dzuwa linamaliza zotsala. Pofika Novembala wa 2024, pamudzi pathu, nyumba zisanu, anthu makumi awiri ndi atatu, tinkadya mango aawisi ophika ndi chitedze. Chitedze umachiwiritsa tsiku lonse, madzi kutaya n'kuthira ena, kutaya n'kuthira ena, ukafulumira chimakuzunguza mutu. Mbuzi zinapita, njinga inapita. Ana analeka sukulu. Mwana wanga Mtendere, wa zaka ziwiri, tsitsi linayamba kufiira, ndipo ukadina phazi lake ndi chala, kadzenje kankatsala.

Lolemba lina kunabwera anthu awiri ogula zitsulo zakutha. Anaizungulira Landirova, kuigogoda ndi mwala, kunong'onezana, n'kutchula matumba anayi a chimanga. Agogo anakana. Madzulo ake anafika Che Mohamedi, mlongo wawo wa agogo aakazi, msodzi, ndiye mwini mbumba pamudzi pano. Sanakhale n'komwe pansi.

"Alamu, matumba anayi. Anayi! Inu mukuti iyayi?"

"Akaichita chiyani?"

"Akasungunula. Ati chitsulo chake sichichita dzimbiri, n'chopangira mapoto."

"Mapoto. Ndiye m'mapotomo mukaphikemo chiyani, alamu? Mapoto anzake?"

"Musandiseke. Zaka khumi ndi zitatu mukupukusa chigayo chosatulutsa ufa. Taonani mapazi a mwana uyo."

Agogo anatembenuka n'kuyang'ana Mtendere ali pamwendo panga.

"Ndaona," anatero. "Koma matumba anayi pa anthu onsewa, Khirisimasi sitifika. Kukolola ndi Epulo. Zikatha tidzagulitsa chiyani? Ndipatseni masiku ochepa."

"Lachisanu tikatuluka kumzikiti a zitsulo aja abweranso. Mukakana, ndiwauza ine kuti adule. Galimoto ndi yanu, koma ana awa ndi anga."

Mkamwini ngakhale atameretsa imvi pamudzi, mawu otsiriza sakhala ake. Agogo anangoti, "Ndamva."

Mwamuna wanga Ali, bambo a Mtendere, ali ku Joni, amatsuka magalimoto. Miyezi imeneyo ntchito inali itavuta, zotumiza panalibe, koma foni imene ananditumizira kale ndinali nayo. Netiweki kwathu imagwira pachulu cha kuseri kwa manda. Nditawafotokozera za ogula zitsulo aja, anakuwa mpaka foni inanjenjemera.

"Asadule! Kuno alipo anthu openga ndi magalimoto akale ngati imeneyo. Kwathunso aliko, ali ndi gulu pa Watsapu. Ndikufunsira nambala, akulowetse."

"Ine ndikalankhule chiyani ndi mabwana?"

"Sukalankhula. Ukangojambula n'kulemba."

Lachiwiri m'mawa ndinali m'gulumo. Munali anthu oposa mazana awiri, a ku Blantyre, a ku Lilongwe, a ku Mzuzu, ena kunja. Ankatumizirana zithunzi za injini ngati mmene ife timaonetserana ana. Wina afunse kachitsulo kakang'ono ngati chala, anthu khumi n'kumuyankha. Ndinawerenga mpaka batire inatsala pang'ono, kenaka ndinatumiza zithunzi zitatu n'kulemba kuti: Moni nonse. Agogo anga akugulitsa Landirova, ili kwa Chikweo ku Machinga. Pepani ngati ndalakwitsa malo.

Woyamba kuyankha anati, "Khola la nkhuku labwino, nkhuku zake zilipo?" Wina anatumiza tinkhope toseka. Ndinafuna kutuluka m'gulumo. Ndiye wina analemba, "Dikirani, taonani magetsi ali pakati. Iyi ndi ya m'ma sikisite. Mayi, tajambulani nambala ya pachasisi." Sindinadziwe chasisi. Agogo anagwada, anapala dothi ndi chikhadabo pachitsulo cha kunsi, manambala n'kuonekera. Anatulutsanso bulubuku m'sutikesi, pamene amasunga khadi lawo la ubatizo. Manambala anafanana. Zoseka zinatha m'gulumo. Bwana wina wa ku Lilongwe analemba kuti akuifuna, atumiza munthu.

Apa ndi pamene tinalakwitsa.

Che Mohamedi atamva kuti bwana wa ku Lilongwe waifuna, mtima unatembenuka. Lachitatu m'mawa agogo atapita kukazonda matenda kumudzi wina, iwo anafika ndi chitini cha penti wotsala wa bwato, wabuluu.

"Mlendo salandiridwa pabwalo posasesa," anatero. "Chinthu chofwifwa chonchi, tichititsa manyazi mudzi. Bwato likakalamba timalipaka, mtengo umakwera."

Ndinaona kuti akunena zoona. Nanenso ndinali ndi manyazi ndi mtundu wake wobiriwira wotuwa uja, ndi zilembo za mishoni zofufutika pachitseko. Ndinawagwirira chitini. Anapaka chitseko cha dalaivala chonse, bwinobwino, mpaka chinawala. Ankati akamaliza alembe dzina kumbali monga amachitira pabwato. Ine ndi chimwemwe ndinathamangira kuchulu n'kutumiza chithunzi: Tayamba kuikongoletsa.

Foni inalira ngati yagwidwa ndi mizimu. "Mayooo!" "Ndani wachita izi?" "Mulandeni bulashi munthuyo!" Bwana wa ku Lilongwe analemba mawu ochepa: iye amafuna penti wa kufakitale, tsopano basi, zikomo. Tinali titataya wogula ndi manja athu.

Ndili chiimire pachulupo foni inaitana. Anali mawu a mzimayi, okuluwika ngati a munthu wozolowera kulankhula pamene injini zikulira.

"Ndine Modester, ndili ndi galaja pa Balaka. Ndiwe wa Landirova? Thamanga kaye ukabise pentiyo, ine ndidikira pafoni."

Ndinathamanga. Che Mohamedi anali ataviika kale bulashi kuti ayambe boneti. Ine amene sindinawayankhepo chibadwire, ndinawalanda chitini m'manja. Anandiyang'ana kukamwa kuli yasa.

Nditabwerera pachulu, a Modester anandifotokozera. Anthu a m'gulu lawo safuna chowala. Amafuna chimene chinatuluka kufakitale, ngakhale chotuwa, ngakhale chopindika, bola chikhale chakechake. Anandifunsa za chitseko chakumbuyo, mipando, chitsulo cha kumaso. Ndinati zonse zilipo, kungoti zili pantchito zina. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Katoleni zonse, musatsuke ndi mchenga. Koma ndikuuze zoona, mwana wanga. Galimoto yoima zaka khumi ndi zitatu, injini imakhala itagwirana. Ndaona zambiri. Ikagwirana, ine sindingapose a zitsulo aja."

"Imazungulira," ndinatero.

"Wati?"

"Agogo amaipukusa ndi handulo m'mawa uliwonse."

"Uliwonse? Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku limene inaima."

"Handulo yake yeniyeni ilipo? Mawa m'mawa undijambulire akupukusa. Ndikaona ndi maso, Lachisanu ndibwera ndi batire ndi petulo. Ikalira, tikambirana. Ikakana, ndataya mafuta anga, inu mwataya tsiku."

Agogo atabwera n'kuona chitseko chabuluu, anaima, manja kumbuyo. Che Mohamedi ankayang'ana kumwamba ngati akufuna mvula.

"Alamu," agogo anatero, "nkhafi mwaiika pati? Tiikankhire ku Chiuta tikaphe matemba."

Lachinayi m'mawa ndinajambula agogo akupukusa n'kutumizira a Modester, iwo n'kuyankha kuti abwera. Tsiku lonselo tinali kutolera. Chitseko chakumbuyo sichinavute, mukhola munalibe mbuzi yoti n'kutsekera. Kalilole anapezeka kwa mng'ono wanga. Che Mohamedi anabweretsa okha chitsulo chowambira nsomba, chakuda bii, chikununkha mlamba, n'kuchitsamiritsa pachisakasa. Anansi nawo anayamba kukumbukira. Uyu wabwera ndi chivundikiro cha thanki chimene ankamwetsera anapiye, uyo ndi jeke amene anabwereka pomanga nyumba. Kusukulu agogo anapita okha, ine ndikuwatsatira. Tinapeza ahedi atakhala pansi pa mango paja, makalasi ali pululu.

"Tengani, Che Wadson," anatero. "Ndiimbira ndani? Mlungu uno abwera ana asanu ndi awiri, awiri anakomoka pamzere."

Agogo anamasula waya, ndipo limu ndinaisenza ine pamutu, Mtendere ali kumbuyo.

Lachisanu agogo anapukusa kakhumi ndi kawiri monga mwa masiku onse, kenaka anavala jekete lawo la kutchalitchi n'kukhala pampando wa dalaivala. A Modester analemba kuti ali pamzere wa mafuta pa Liwonde kuyambira mbandakucha. Dzuwa linafika pamutu. Anthu anatuluka kumzikiti. A zitsulo aja anafika ndi kalole kawo, matumba anayi ali poonekera pamwamba, nyundo ndi macheka zili m'manja. Ana onse a pamudzi maso anali pamatumbawo. Inenso, ndisaname.

Che Mohamedi anafika atavala mkanjo woyera. "Alamu, nthawi ija yakwana. Mayi wanu wa pafoni ali kuti?"

"Akubwera."

"Akubwera anadyetsa ndani?"

Apa agogo aakazi, amene mlungu wonse sanalankhulepo za galimoto, anatuluka ndi mphasa. Anayala pamthunzi, anakhazika alendo aja, anawapatsa madzi akumwa. Ndiye anagwada poteropo n'kuyamba moni. Anafunsa wamkuluyo za kunyumba, za mayi a kunyumba, za ana mmodzimmodzi, za mvula ya kwawo, za amene anamwalira chaka chino. Atatha anatembenukira kwa wamng'onoyo n'kuyambiranso pachiyambi. Anapeza kuti azakhali ake anakwatiwa ku Nselema, ndiye anafunsanso za onse a ku Nselema. Munthu wamkulu akukupatsa moni sungadzuke n'kukatenga nyundo. Che Mohamedi anayesa kutsokomola.

"Achimwene," agogo aakazi anatero osatembenuka, "chifuwa chimenecho mukamwe madzi. Alendo sindinathe nawo."

Moni uja anatenga pafupifupi ola lathunthu. Ali m'kati mofunsa za agogo ake a mnyamatayo, tinamva njinga yamoto. Kumbuyo kwa wakabaza kunatsika mzimayi wamfupi, wonenepa, wovala ovolosi ndi chitenje pamwamba, batire atailemeza pamwendo, chigubu cha malita asanu chili m'manja.

"Makaniko wake ndi ameneyu?" wamkulu wa zitsulo uja anafunsa mokweza. "Mayi, kuno kulibe maliro ophikira."

"Ndamva kuti mumapanga mapoto, achimwene," a Modester anayankha. "Khalani pompo, ndikatha ndikuguleni limodzi."

Anagwada kupereka moni kwa agogo, kenaka anavula chitenje n'kutsegula boneti. Chinthu choyamba anapempha handulo. Anaitembenuza m'manja, pogwirira pali see ngati mpini wa khasu lakale. Anailowetsa, anapukusa kamodzi, n'kuyang'ana agogo.

"Bambo, mwaisunga."

Anagwira ntchito mwina maola awiri. Anachotsa zisa za mavu, anapala timawaya ndi kapepala kokhakhala, anasintha mapulagi, anataya oyilo wakale n'kuthira wina. Thanki sanaikhulupirire, ndiye petulo anamuika m'botolo n'kulumikiza kapaipi. Agogo anaima pambali pawo n'kumawauza nati iliyonse imene imavuta, asanaigwire n'komwe. Sitata inali yakufa, ndiye panatsala handulo yomweyo.

A Modester anapukusa. Fuu, fuu. Anapukusanso mpaka thukuta linatsika m'khosi. Palibe. Wakabaza anayesa, handulo inamubwerera n'kumumenya padzanja, analumpha akutukwana. A zitsulo anaseka, wamng'onoyo anayamba kunola cheka pamwala kuti tonse timve. Che Mohamedi anayang'ana dzuwa, anayang'ana matumba.

"Alamu, mwayesa. Tisachedwetse anthu."

Agogo anavula jekete n'kundipatsa. Masiku awiri anali atangodya mango atatu, gawo lawo la chitedze ankapatsa ana mobisa, ine ndinkaona.

"Bambo, ikupwetekani," a Modester anatero.

"Inu mukuikankha. Iyi sikankhidwa, imakokedwa. Chala chachikulu osachizunguliza. Pitani m'katimo, kokani choko theka lokha, phazi musaponde mpaka itakhosomola kawiri. Mkazi wanga, jambula."

Ndinayatsa foni. Agogo analavulira m'manja, anapukusa pang'onopang'ono kufuna pamene imalimba, anaima, anapuma. Ndiye anakoka m'mwamba kamodzi. Inakhosomola. Anafunanso malo aja, anakokanso. Inakhosomola kawiri, n'kuzima. Kachitatu anakoka ndi thupi lonse mpaka chipewa chinagwa.

Inalira.

Utsi wakuda unatuluka kumbuyo pamodzi ndi makoko a mtedza amene makoswe anasungamo. Khoswe mmodzi anatuluka pansi pa mpando n'kudutsa pakati pa miyendo ya wamkulu wa zitsulo. Chisakasa chonse chinkagwedezeka, udzu ukugwa. Kenaka utsi unayera, kulira kunakhazikika, du du du du, ngati mtima. Agogo aakazi anaimba nthungululu, amayi onse n'kulandira. Ana amene mlungu wonse ankangogona pamphasa anadzuka n'kumavina mufumbi. Che Mohamedi anagwira kumutu, "Alihamudulila! Chigayo chija chatulutsa ufa!" Anthu anathamanga kuchokera kumidzi ina, akuluakulu ena ankati anaidziwa ndi mawu ali kudimba.

Agogo sanavine. Anatola chipewa, anaika dzanja paboneti, n'kungoima.

"Thamanga kuchulu," a Modester anandiuza. "Tumiza m'gulu. Ndikanakhala wakuba ndikanati usatumize, koma aone onse, mtengo ukhale woona."

Ndinatumiza, ndipo ulendo uno palibe anatchula nkhuku. Mauthenga ankagwa ngati matalala. Wa ku Mzuzu anatchula mtengo, wa ku Blantyre anakweza, bwana wa ku Lilongwe uja anabwerera n'kuti chitseko chabuluu si nkhani. Ndinatsika n'kuwawerengera agogo zonse pamaso pa anthu, mawu osanjenjemera. A zitsulo anali atakweza kale nyundo zawo. Agogo aakazi anawaperekeza mpaka panjira, n'kuwatuma moni kwa onse a ku Nselema.

"Ndalama sindikufuna," agogo anatero. "Ndalama ya lero pofika Lolemba imagula theka. Tikaigwira tiyambenso kusaka chimanga, kusaka galimoto yonyamulira. Ndikufuna chimanga chifike pano pabwalo, ndi mbewu yobzala. Amene angathe zimenezo ndiye mwini wake."

A ku Lilongwe anati iwo amangodziwa kutumiza ndalama pafoni. A Modester anakhala pachitsa n'kuyamba kukambirana ndi agogo, Che Mohamedi ali pakati, tsopano atasanduka loya wa alamu awo.

"Matumba makumi atatu," a Modester anatero.

"Mayi, mwaimva kulira kwake?" Che Mohamedi anatero. "Ndi chitsulo cha kumaso chomwe, ndasunga ine zaka zonsezi."

"Mwasunga pamoto, bambo. Ndipo chitseko munapaka ndinu."

"Penti ameneyo ndi wolimba, salowa madzi."

Anamaliza pa matumba makumi anayi ndi mbewu ya nyumba zonse zisanu. Pochoka a Modester anandiitanira pambali n'kundipatsa thumba la ufa wa phala limene linali m'chikwama chawo. "Ndinaona mapazi a mwana pachithunzi chako choyamba," anatero. "Lolemba upite naye kuchipatala, usadikire chimanga." Ndinapita, ndipo anamulemba pa ana olandira chiponde.

Lachiwiri lole inafika dzuwa lisanakwere. Sindinaonepo matumba ochuluka choncho pakhomo pa munthu. Agogo anaima pamenepo n'kumaloza. Nyumba zisanu zinalandira zake. Aliyense amene anabweza kachitsulo anapatsidwa ndowa, ngakhale uja wa chivundikiro cha anapiye. Matumba atatu anati apite kusukulu, ana azikamwa phala. Madzulo a tsiku limenelo mitondo inalira pamudzi ponse, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi itatu ndinamva ana akukangana chifukwa cha masewera.

Patapita masiku awiri a Modester anabwera ndi lole ija, matayala anayi ndi anyamata awo a kugalaja. Anakonza zoti iyende pang'ono, anaitsitsa pazitsa zija. Lole inaima kumsewu, pamtunda pamene akanatha kuikweza, mtunda wokwana kuyenda mphindi khumi.

"Bambo, mutiperekeza?" anatero, akuwatsegulira chitseko chabuluu chija. Anati sadzachifufuta, m'gulu anthu ayamba kale kuitcha Bwato.

Agogo anapukusa okha, inalira kamodzi n'kamodzi. Agogo aakazi anakhala kutsogolo, ine ndi Mtendere ndi Che Mohamedi kumbuyo. Inayenda pa giya yoyamba, mwaulemu ngati mkwatibwi, mudzi wonse ukutsatira. Sanadzere njira yachidule. Anazungulira kuchitsime kuja, anaima pang'ono, agogo aakazi n'kuwamenya paphewa, "Tiyeni inu, anthu akuona." Anadzera kumzikiti, anadzera kusukulu. Kumeneko tinapeza utsi uli tolo, amayi akuphika phala mumgolo, ana ali mbwee ndi makapu, ena amene sanaponde pasukulu kuyambira Okutobala. Ahedi ankayesa kuwaika pamzere ndi kukuwa, mawu atawathera, akumenya ndodo pamtengo wa mango pamene pankalendewera limu.

Pamsewu agogo anazimitsa injini n'kutsika. Anapereka bulubuku kwa a Modester. Kenaka anatenga handulo, anaipukuta ndi kansanza kaja, n'kuipereka ndi manja awiri.

"Kakhumi ndi kawiri, m'mawa, musanadye kanthu. Ngakhale tsiku limene simukuyenda."

"Ndamva, bambo."

Anyamata anaikweza n'kuimanga ndi zingwe. Limu ya belu inali pamalo pake paboneti, mbali imodzi yonyezimira pamene ana anaimenya zaka zonsezi. A Modester anakwera kutsogolo kwa lole, n'kutulutsa mutu pawindo.

"Bambo Kachingwe, ine ndapeza zambiri kuposa zimene ndalipira. Tchulani kanthu kanu inuyo. Nsapato? Wailesi? Foni yoti muziionera ikamayenda?"

Che Mohamedi anawanong'oneza kuti atchule njinga. Agogo anayang'ana kumbuyo, kumene phokoso la ana linkamvekera mpaka kumsewu.

"Kugalaja kwanu sikungasowe limu yakutha," anatero. "Ya galimoto iliyonse, bola yolira bwino. Mutitumizire ndi wakabaza uja lisanafike Lolemba. Ana abwerera kusukulu, ahedi alibe belu."